Khungu la Lalanje

M'kashedi kuseri kwa nyumba, ku Huddersfield,
mvula ikuwaza denga,
ndagwira kamfuti kopopera utoto
ngati cholembera tsiku la mayeso.

Kandege kagona pa nyuzi,
phiko lake kutalika ngati chikhatho changa.
Masabata asanu ndakhala ndikukamata
ndikaweruka ku nyumba yosamalira okalamba,
zala zikununkhabe sopo wa anthu ena.

Ndasinikiza. Kompuresa yatsokomola.
Utoto watuluka ngati malovu a munthu wolusa,
madonthomadontho pa phiko lamanzere.
Ndathira thina, wayenderera,
wamera miyendo ya kangaude.
Ndaimira patali, wauma usanafike,
phiko lakhakhala ngati lilime la mphaka.

Bambo Ackroyd a khomo linalo,
amene anandisiyira kamfutika
manja awo atayamba kunjenjemera,
asuzumira, ayendetsa chala paphikopo.
Akuti ili ndi khungu la lalanje.
Akuti utoto uzikhala ngati mkaka, osati phala,
ndipo usamapopere tsiku la chinyezi.

Ndaseka. Kuno tsiku lopanda chinyezi ndi liti?

Asolola singano, ayiunika pa getsi.
Nsonga yapindika pang'ono
ngati mlomo wa mwana wofuna kulira.
Ndinaigwetsa Lachiwiri. Sindinawauze.

Sanandikalipire.
Andipatsa sandipepa wonyowa,
akhala pa chidebe, manja abisa m'khwapa.
Ndikupala, iwo akuyang'ana dzanja langa.
Tiyi wazizira.
Pansi pa utoto wamadzulo onse
pulasitiki akutulukanso,
wotuwa ngati thambo la kuno.