Nambala Seveni

Ndimatsegula nkhungu isanachoke pa phiri la Dedza,
loko atazizira ngati mphuno ya galu.
Zaka makumi awiri ndi zitatu chitseko chomwechi,
ndimadziwa pomwe chimalira.

Lolemba kunabwera mwana wa malemu Kamtedza,
uja amagwira ku khonsolo.
Anayesa nsapato zitatu, nayenda nazo mpaka pakhonde,
nati, "Yanga ndi seveni eti, madala?"
Ndinavomera. Anaijambula ndi foni,
nathokoza mwaulemu wake wonse, ulendo.
Ine ndinatsala ndikubwezera mapepala m'mphuno za nsapato.

Masiku ano sitolo ili m'thumba la buluku.
Siilipira lendi, siidontha dzinja.
Anthu akugula atagona chagada pakati pa usiku,
chala chikutsetsereka pagalasi,
mawa lake katundu watsika pa basi ya ku Lilongwe,
wakabaza wamumanga kumbuyo
nadutsa naye pakhomo panga pomwepa,
fumbi lokha ndilo limalowa kudzandilonjera.

Tiyese, mwana wa mlongo wanga, akuti,
"Amalume, ziikeni pa sitetasi."
Ndinayesa. Chithunzi chinatuluka
chala changa chachikulu chitaphimba theka la nsapato.
Anaseka mpaka kugwira kauntala.

Koma pansi pa kauntala imeneyo pali buku
lachikuto chakuda ndi thukuta.
Foni siidziwa kuti a Nangondo amalipira
akakumba kachewere ku Bembeke,
kuti aphunzitsi mwezi wawo umatha pa faifi,
kuti mwana sangadikire malipiro
kuti akalembe mayeso atavala.
Muli mayina ena eni ake anagona kalekale.
Sindinawafafanize.

Lero wabweranso mwana wa Kamtedza,
akutsimphina, jumbo m'manja.
Pansi pa nsapatoyo alembadi seveni,
koma seveni wa phazi la dziko lina.
Wogulitsa uja foni yake sikupezeka.
"Madala, simungandisinthireko?"

Ndayang'ana mashelefu anga, odzaza ngati dzana.
Ndayang'ana chithendene chake chotupa matuza.
Tiyi wanga amazizira.

Ndati: nyowetsa nyuzipepala, uphwatike mkatimo,
igone masiku awiri kutali ndi moto.
Wafunsa kuti ndi zingati.
Ndati pita.

Atakhota pa chigayo ndatulutsa buku lija,
ndanyambita nsonga ya pensulo,
ndalemba pansi pa dzina la bambo ake:
nzeru imodzi, sanalipire.