Kanjira ka M'udzu

Zaka zitatu ndakhala ndikuujambula msewu uwu
pa kompyuta, mu ofesi yozizira ya ku Columbus,
koma dzulo m'pamene ndinauyenda wapansi.

Mizere isanu ndi umodzi ya magalimoto,
palibe woima, palibe wopatsa mnzake moni.
Kumanja ogulitsa matayala, banki yokhomedwa matabwa,
sitolo ya matiresi yomwe yakhala ikulengeza kuti itseka mawa
chiyambire ndili ku koleji.
Kumanzere bwalo loimikapo magalimoto, lotambalala ngati dambo,
mbee, lopanda ndi imodzi yomwe,
udzu ukusuzumira m'ming'alu ya phula
ngati ubweya wa m'makutu a nkhalamba.

Ndinawerenga mapazi kuchoka pa loboti iyi kukafika pa inayo:
chikwi chimodzi ndi makumi anayi.
Pa mapu anga mpata umenewo sukwana chala chamkombaphala.

Kenaka ndinaona chimene mapu anandibisira,
kanjira ka m'udzu, kowonda, kopereseka,
kopondedwa ndi anthu amene lipoti langa likuti kulibe.
Kakuchokera pokwerera basi,
pachitsulo chongozika, popanda denga, popanda benchi,
n'kukathera m'mphepete mwa phula, moyang'anizana ndi kochapira zovala.
Pamenepo ndinamuona Marisela,
mwana kudzanja, thumba la zovala paphewa,
ali njo pamzere wachikasu pakati pa msewu,
malole akumuwomba mphepo kumaso ndi kumsana,
akudikira mpata monga munthu wousa mvula pakhonde la eni.

Madzulo tinachititsa msonkhano m'sitolo yakale ya nsapato.
Mashelefu akadalipo.
Tinapachika zithunzi zathu za mawa:
mitengo yokula kale, njira za njinga,
nyumba zosanjikizana, anthu akumwa khofi panja,
onse mano poyera,
palibe ndi mmodzi wosenza thumba la zovala.
Aliyense tinam'patsa timapepala tomata,
tobiriwira pa zimene wakonda, tofiira pa zimene wakana.

Bambo Hollis a matayala anaimirira osavula chipewa:
mukauchepetsa msewuwu, makasitomala anga azikhotera pati?
Mayi Thuy, opaka anthu utoto m'zikhadabo,
anafunsa za lendi.
Ndinayankha za mitengo.
Anafunsanso za lendi.
Ndinamwa madzi.

Marisela analowa titatsala pang'ono kupinda mipando,
manja akununkhira sopo.
Zithunzi zokongolazo anangozidutsa.
Anapita pa mapu akale, a msewu monga ulili lero,
n'kumata kapepala kobiriwira poyera, popanda chojambula chilichonse.
Apa, anatero mwana uja, kumasulira mawu a mayi ake.
Akuti apa basi. Powolokera.

Ndinawerama n'kumuuza kuti zili m'pulani,
gawo lachitatu, ndalama zikapezeka,
pulani yonseyi ndi ya zaka makumi awiri.
Anatembenuka, anawauza m'Chisipanishi.
Mayiyo anaseka pang'ono, osati mwachipongwe.
Akuti pofika nthawiyo ine ndidzakhala ndi galimoto yanga,
ndizidzawanyamula.

Lero m'mawa ndatsegulanso mapu.
Pali mtundu wa phula, mtundu wa mipope,
mtundu wa malo amene tidzagule ndi amene tidzagwetse.
Wa njira yopangidwa ndi mapazi palibe.
Ndakajambula ndi pensulo kanjirako, papepala losindikiza,
ndipo ndalipinda n'kuliika m'thumba la jekete.
Komiti ya zachuma ikumana Lachinayi.
Nsapato zanga zikadali ndi dothi la kumeneko.