Giyabokosi Ili Pansi

Giyabokosi ili pansi, Lonjezo,
yagona pa katoni ngati mbuzi yomangidwa miyendo,
ndipo Ajibu watupa chala poitsitsa.
Maola asanu, mabawuti khumi ndi anayi,
limodzi linakana mpaka tinaliopseza ndi moto.
Tsopano iwe ukuti: ikani klachi yokhayo,
zinazo zidakali bwino.

Ndaiona klachi yako, yachokera ku Joni m'bokosi lofiira,
yolusa, yoti ikagwira yagwira,
sidziwa kunyengerera.
Ukufuna ukaponda pa Kameza usiku wa Loweruka
anthu a ku Chirimba adzuke n'kumafunsana.
Sindikukaniza. Ndalama ndi zako, khosi ndi lako.

Koma bwera, gwada apa, usaope girisi.
Yendetsa chala pa fulayiwilo iyi.
Wamva mizere? Waona zipsera zakudazi?
Ndi masiku aja unkaima pamzere pa Ginnery Corner,
phazi lili theka pa pedulo, foni ili kukhutu.
Klachi yatsopano pankhope yotere
ndi nsapato yatsopano pachilonda.

Beringi iyi ndikuizunguza, tchera khutu:
kwerere, kwerere,
njinga ya kabaza pachikweza cha ku Ndirande.
Mtengo wake sufika pa mafuta amene umawotcha Lamulungu limodzi,
koma ikafa mwezi wamawa
tidzatsitsanso zonsezi,
maola ena asanu, chala china cha Ajibu.

Kasilo aka kumbuyo kwa injini
kakugwetsa misozi yakuda mwakachetechete.
Dontho limodzi la oyilo pambale yako ya ku Joni,
basi, yasanduka therere.
Foloko yadyeka kumutu. Silinda yaing'ono ikuchita thukuta.
Izi zinakalambira limodzi,
zinazolowerana kufooka, zimapirirana.
Ukaika mlendo wanyonga pakati pawo
ndiye adzazithyole, popanda n'cholinga choipa chomwe.

Ukuseka. Ukuti amakaniko tonse ndife amodzi,
tikatsegula mimba sitilephera kupezamo matenda ogulitsa.
Alipo otero, sindikana.
Ine ndinaphunzira pa pikapu ya malemu a Chikopa.
Ndinawapulumutsira ndalama ya beringi,
anandigulira chakumwa chozizira, anati ndine mwana wabwino.
Patatha masabata atatu inawafera pamapiri a ku Chikwawa,
dzuwa lili paliwombo,
kumbuyo kuli simenti, kutsogolo kuli mkazi wawo wodwala.
Sanandikalipire.
Anangosiya kundipatsa moni,
zaka zisanu ndi zinayi, msewu umodzi, tchalitchi chimodzi,
mpaka tsiku limene ndinawaponyera dothi.

Ndiye sankha.
Ndikhoza kutseka lero, uthamange mawa,
tidzaonane pa Zalewa galimoto ili pachingwe.
Kapena udikire Lachinayi.

Wakhala chete. Ukuyang'ana marimu ako onyezimira,
ukuwerenga ndi milomo,
watuluka panja kukaimbira munthu wina
amene wakhala akusirira zokuzira mawu za m'buti mwako.
Ndikumva ukuti: bwera nazo zonse, kashi.

Ajibu, kulunga zakalezi m'nyuzipepala,
beringi, silo, foloko, silinda,
ukwere minibasi ya ku Limbe.
Ukaziike pakauntala, ukayerekeze ndi maso ako,
usakalole za mawu akuti zimafanana.
Fulayiwilo ipite kwa a Nazombe akaipale nkhope
magetsi akabwera.

Galaja yatsala ndi ine ndi galimoto yopanda mimba,
yaima pa zitsulo zinayi, ikuyang'ana phiri la Soche.
Ndapukuta mano a shafuti limodzilimodzi,
ndapaka girisi pang'ono, wa nsonga ya chala basi.
Podzuka, bondo langa lati kwerere.
Ajibu, amene anabwerera chenje cha minibasi,
waima pakhomo, nyuzipepala kukhwapa:
Bwana, nanga imeneyo
ndikafunsenso ku Limbe?