Munthu wa Kuseri kwa Katani

Malume Likhutcha sankadziwa Chijeremani,
ngakhale liwu limodzi lopemphera madzi.
Koma Loweruka lililonse pa Chitakale,
m'shedi yonunkha feteleza ndi utsi wa jenereta,
ndiwo ankayankhulira Ajeremani onse:
apolisi, akuba, mkazi wa ndudu yaitali,
ngakhale galu.

Mafilimuwo anawatola m'bokosi la malata
kuseri kwa kalabu ya pa esiteti
eni ake atatopa nawo.
Opanda mtundu, okandikakandika,
ngati kwawoko mvula siikata.
Tinkaonera pa shiti ya pabedi ya azakhali,
moti thambo la mzinda wa Ajeremani
linali ndi chigamba chamaluwa pakona.

Pakhomo tambala zisanu.
Wopanda ndalama, chinanazi chimodzi.

Munali munthu m'filimumo amene sitinamuonepo nkhope.
Mawu okha, kuseri kwa katani,
ndi dzanja lovala golovesi likusuntha mawaya.
Akatsokomola, banki yapsa.
Akaimba foni pakati pa usiku,
sitima yasiya njanji, mboni yasowa,
wapolisi wafika mochedwa, chipewa chitanyowa.
Anyamata ake sankadziwana maina,
aliyense ankangodziwa ola lake ndi khomo lake.
Malume anamutcha Mwinimdima,
ndipo pomuyankhulira ankaika pakamwa m'chitini cha mkaka
mpaka ana kubisala m'zitenje.

Usiku wina wa chiperoni,
phiri litafunda nkhungu mpaka kumapazi,
apolisi aja anathyola chitseko,
mfuti m'manja, anang'amba katani,
kwaa!

Mpando wopanda munthu.
Kabokosi koyankhula patebulo.
Basi.

Shedi yonse zii.
Jenereta yokha ikudandaula panja.
Kenako Mayi Nakhumwa, wothyola tiyi wa kumalaini,
zala zakuda ndi utomoni wa masamba,
anaseka kamodzi, kuseka kouma:
“Ameneyutu timamudziwa.
Si uja amadya makilo athu pa sikelo?
Ukafunsa kalaliki, akuti funsani kapitawo.
Kapitawo akuti zachokera ku ofesi.
Ofesi akuti zachokera kutsidya la nyanja.
Zaka khumi ndi zinayi ndikumuthyolera,
sindinamuonepo ngakhale nsapato.”

Palibe anawonjezera.
Mlonda wa pa geti anazimitsa ndudu yake pansi
natuluka msanga ngati waitanidwa.

Mapeto ake sitinawaone.
Mkombero womaliza unadyedwa ndi chinyontho,
unamatana ngati switi yoiwalika m'thumba.
Malume ankangoyatsa babu n'kupeka:
sabata ino Mwinimdima wamira m'mtsinje,
sabata yamawa wapenga, akulemba pakhoma la chipatala,
tsiku lina atakhuta kachasu
anati wathawira konkuno, wagula munda ku Limbuli.
Anthu ankakangana mpaka pa mlatho wa Likhubula,
njinga zili m'manja.

Malume anapita chaka cha madzi osefukira.
Makina aja nkhuku zimaikiramo mazira.
Shedi inasanduka tchalitchi, kenako golosale.

Lero mwana wanga akuti,
“Adadi, nenani dzina la filimuyo,
ndiipeza pafoni pompano, muone mmene inathera.”
Dzinalo sindilidziwa.
Zilembo zake zinkadutsa malume akumwa madzi.

Koma dzulo usiku foni yomweyo inalira.
Mawu aulemu, osachita kukweza,
ondidziwa dzina, mudzi, ngakhale ngongole yanga:
“Mwawina, bambo. Tumizani kaye pang'ono pa nambala iyi.”
Kumbuyo kwake kunalibe galu, kunalibe mwana,
kunalibe mphepo.
Ndinafunsa kuti ndinu ndani.
Anatsokomola kamodzi.

Ndinaima pakhonde nthawi yaitali
kuyang'ana nyali za fakitale ya tiyi,
nkhungu ikutsika m'mizere,
m'kamwa mwanga mukubwera kafungo ka chitini cha mkaka.