Zolembedwa pa Tsamba

Kombi ya ku Dzivarasekwa imatitula ku Marlborough
mame asanachoke pa kapinga.
Ndisanagwire khasu, ndimayamba ndawerenga.
Tsamba silinama, Layitoni,
ukangodziwa kalembedwe ka aliyense wodya usiku.

Taona repu uyu.
Timazenera tating'ono, khungu la pamwamba lasiyidwa:
nkambozi kobiriwira kameneko,
ukakakhudza kamadziponya pa ulusi wake
ngati munthu wothawa ngongole.
Apa m'mphepete mwalumidwa mopanda manyazi.
Nunkhadala uyo, wavala ngati wa kwaya,
zofiira, zachikasu, kuyenda mwachifatse
poti fungo lake ndiye mlonda wake.

Kanjira konyezimira pa njerwa nka nkhono.
Mbande ikagwa yodulidwa pakhosi, koma yosadyedwa,
fukula ndi chala pambali pake,
upeza mphutsi yotuwa itadzipinda ngati mphete,
ikunamizira tulo.
Nyerere zikamakwera ndi kutsika pa kovo
ngati zili ndi golosale kumtundako,
tembenuza tsamba.
Nsabwe zili kunsi, mbuu,
nyererezo zikuziweta ngati ng'ombe zamkaka.

Mayi Chikwanha ali kunja, chaka chachinayi tsopano.
Amafunsa pa foni kuti maluwa anga ali bwanji.
Ndimawajambulira okongola okhaokha.
Zibowo nzathu, ine ndi iwe.

Unkandimvera ndi khutu limodzi,
lina lili ndi kachingwe ka nyimbo.
Ndikalankhula Chichewa umayankha m'Chishona,
monga amayi ako, monga ana onse a mumsewu wathu.
Sindinadandaulepo. Mwina pang'ono.

Ndiye Lachitatu lija unalowa pansi pa gwafa
kukatola zoola, kolala ili yasa.
Chinagwera m'khosi osamva nkugwa komwe.
Ndinangoona wilibala yagubuduka,
iwe ukuvina gule wopanda ng'oma,
zikhadabo zili kalikiliki.

Usakande!
Kukanda nkubzala ubweya wake mozama.
Vula malaya, uwaponye apo.
Ndinathamangira selotepi ya m'galaja:
mata, matula, mata, matula,
timinga tosaoneka tikutsalira pomwepo.
Madzi a m'thanki, ozizira mpaka m'mano,
sopo wobiriwira, osatikita, kungotsira.
Kenako chomera cha kuseri kwa mpanda
chimene kuno amati gavakava,
ndinaching'amba ndi mpeni wodulira maluwa,
utomoni wake ndii pa khosi lako lotupa mizeremizere.
Unapuma ngati tayala lophwa.
Ndinati kukatupa maso kapena mpweya ukamavuta
tikwera kombi ya ku kiliniki, osati zocheza.
Sizinafike pamenepo.

Tinachipeza pa kolala, chikuyenda osafulumira,
chaubweya ngati burashi ya nsapato.
Unanyamula njerwa. Ndinakugwira mkono.
Tinachikweza pa fosholo, nkuchitaya kuseri kwa ngalande;
sichinakusake, unachipeza chikudya.

Madzulo, pa siteji, jakaranda atayala pansi zofiirira zake,
khosi lako likunyezimira ndi utomoni wouma,
unachotsa kachingwe kaja m'khutu
nkufunsa kuti kwanu chimatchedwa chiyani.
Kwanu, unatero. Ndinakuleka.

Chiyabwe.

Unabwereza, lilime likupunthwa pakati.
Chi-ya-bwe.
Momwemo ndi mmene ndinabwerezera ine
pa yadi ina ku Hatfield, ndili ndi kabudula wong'ambika,
bambo anga akundipaka phulusa ndi dzanja lokhakhala,
iwo amene anabwera wapansi kudzera ku Tete
atanyamula mayina a tizilombo ndi bulangete limodzi.
Mudzi wawo sindinauonepo.
Mayinawo ndili nawo.

Mawa uvale malaya a manja aatali, umange batani la pakhosi.
Usinje tsabola ndi adyo, ndibweretsa sopo,
tikapopere kovo dzuwa lisanakwere.
Ndipo pa matimati pali kangaude wofiira,
wochepa kuposa mchenga,
amene sindinakuonetse.