Kope la Mayi Makwinja

Chiperoni chafikanso ku Zingwangwa,
phiri la Soche labisala ngati wangongole,
ndipo ine ndaima pakhonde panu, mayi Makwinja,
ndalama za lendi zili m'thumba,
dzanja lozilandira palibe.

Ndinafika pano ndi chikwama chimodzi,
mnyamata wosaka ganyu ku Makata.
Munandiyang'ana pamwamba pa magalasi aja
omangidwa mwendo ndi ulusi wakuda,
n'kuti: "Kachasu pakhomo pano ayi.
Wailesi izizima ikakwana naini.
Mpopi ukatsegula, tseka."
Ine mumtima: nkhalamba iyi ndi minga yokhayokha.

Sindinaname kwenikweni.
Ana ogwetsera mpira pa mpiru wanu ankakudziwani.
Wogulitsa makala ankakuthawani
poti thumba munkalipisa dzanja mpaka pansi.
M'tchalitchi mawu anu ankathamanga kutsogolo kwa nyimbo,
a kwaya n'kumaluma milomo,
inu n'kuti, "Amene ndikumuimbirayo sanadandaulepo."

Lachinayi lililonse
bulauzi yoyera yonunkhira simbi ya makala,
duku loyera, siketi yakuda,
fulasiki ya phala m'jumbo.
Mukatuluka ku Mvano, anzanu akulowera kwawo,
inu pa minibasi ya ku Gulupu,
kukangana ndi kondakitala za chenji,
kenaka bedi ndi bedi
kufunsa amene alibe womudikirira.

Chaka chomwe anatidula ntchito
ndinakhala miyezi isanu osalipira.
Ndinkalowa usiku, nsapato m'manja,
kupuma pang'onopang'ono podutsa zenera lanu.
M'mawa pakhomo panga mbale yovundikira,
mbatata ziwiri, nthawi zina zitatu.
Tikakumana pampopi munkagwedeza kope lofiira lija:
"Ndikulemba, Wedisoni.
Usaone ngati ndaiwala."
Ndinkaliopa kopelo kuposa wapolisi.

Munachoka Loweruka masana
mutakhala pampando wa nsungwi,
lichero la nyemba pamiyendo, theka losankha.
Mwana wa aneba anakuitanani katatu
n'kubwerera, akuti agogo akupemphera.

Amayi a Mvano anadzaza msewu mpaka pagolosale,
oyera ngati akakowa m'dambo.
Ku Misesa dothi linali lonyowa, lomata ku makasu.
Kunabwera anthu omwe abale sankawadziwa:
bambo wa ndodo wochokera ku Bangwe,
mtsikana wa chipsera pakhosi
amene analira kuposa ana anu.
Nyimbo inayenda bwino tsiku limenelo,
mawu onse pamodzi, palibe wothamanga,
ndipo apo m'pomwe ine ndinasweka.

Dzulo mwana wanu Maligita anandiitana.
Kope lija lili m'manja mwake.
Ndinakonzeka kumva chiwerengero,
ndinali nditawonkhetsa kale pandekha.
Anatsegula pa dzina langa.
Zilembo zanu zopendekera ngati chimanga cha mphepo,
masiku m'mbali,
koma ndalama ayi, ngakhale tambala.

"Wedisoni apeze ntchito."
"Chifuwa chake chija chipole."
"Amayi ake ku Thyolo alandire mvula."
Ndipo pansi, mwezi wachisanu uja:
"Ambuye, mwanayu asiye kuvula nsapato.
Miyala ya panjira apa ndi yakuthwa."

Munkandimva, kani.
Usiku uliwonse munali maso.

Masamba ena ndi a anthu ena:
wa bedi lachitatu, wa makala uja,
ngakhale kondakitala, dzina simunalidziwe,
munangolemba "wa mano otuluka".
Tsamba lomaliza muli tsiku lokha.
Cholembera chinatha kapena ndinu munatopa,
sitidzadziwa.

Maligita wakana ndalamazi.
Akuti m'kope mulibe ngongole,
iye sangatolere chomwe mayi ake sanalembe.
Ndiye ndaima pano ngati chitsiru,
nkhungu ikunyowetsa malaya,
mpiru wanu waphuka maluwa achikasu, wosowa wothyola.

Mpopi ukudontha.
Wina watsegula osatseka.
Ndatsika pakhonde, ndaukhwimitsa ndi manja awiri,
ndi nsapato kuphazi,
ndikuponda mwamphamvu kuti mumve.