Kabowo ka Seveni

Ku Kajaani, m'fakitale yakale ya mapepala
momwe bambo anga anagonthera khutu lakumanzere,
masiku ano mukulira mafani a maseva.
Panja chipale chofewa chakwirira njinga yanga mpaka pachishalo.
Wotchi ikuti 3 koloko, usiku wa Januwale.

Buku la opanga makina silichita chibwibwi:
disikiyi mutha kuizula seva ikuyaka,
ngati kusolola kabati ya tebulo.
Ndinakhulupirira. Ndinadina kachitsulo, ndinasolola.
M'dzanja langa munagwera kanthu kofunda,
kopepuka kuposa foni, kopanda chozungulira m'mimba,
ndipo seva yonse inauma gwa!
Mafani anakuwa ngati ndawaponda chala,
sikirini inasanza mizere yoyera,
kenako zii.

Ndinayamba ndi kunamizira disiki.
Ndinatenga ina, yatsopano, yosamatula,
ndinayatsanso makina,
mphindi zisanu ndi zinayi akudziwerenga nthiti,
ndinazula. Gwa!
Ndinanamizira chingwe. Ndinasintha,
lata linandicheka pamfundo ya chala.
Gwa!
Seva yoyandikana nayo, mapasa enieni,
ndinaizula katatu, sinaphethire n'komwe.

Reijo anayankha foni kuchokera ku Oulu
ndi mawu a munthu amene nkhope ikadali pa pilo.
Aulikki, usafunse amene wachoka, anatero,
funsa amene watsala.
Werenga zomwe inalemba isanakomoke.

Ndinatsegula kaundula wa zochitika,
ndinatsika mizere ndi chala chomanga pulasitala:
kabowo ka seveni sikakuyankha.
Ndaitananso. Sikakuyankha.
Ndili ndi mawu oti ndikasiye kumeneko.
Ndaitananso.
Masekondi makumi atatu ikugogoda pakhomo la nyumba yosamukamo,
kenako pulogalamu yakale ya m'bolodi,
imene wina anaiwala kuikonzanso chilimwe chatha,
inagamula kuti msewu wonse wagumuka,
bola kugwa kusiyana ndi kulemba bodza.

Ndinakhala pansi, pa simenti yozizira,
pomwe kale pankadutsa mikukuta ya mapepala.
Fakitaleyi anaitseka ndi kalata ya tsamba limodzi.
Chaka chathunthu bambo ankadzukabe 5 koloko,
kudula buledi wakuda, kuthira khofi m'fulasiki,
kuvala jombo,
n'kuima m'khonde, makiyi ali m'manja.
Amayi ankanamizira kugona.
Ine ndinkamva jombozo akuzivula, imodzi, kenako inzake.

Izi sindinamuuze Reijo.
Ndinangomuwerengera nambala ziwiri,
ya seva yokomoka ndi ya mnzake wosatekeseka.
Zinasiyana pa kadontho komaliza.
Iye anatukwana pang'ono, mwaulemu, n'kudula foni.

Ndinaika pulogalamu yatsopano.
Ndinalowa m'zipinda zamkati za bolodi,
ndinapeza mzere wozimitsidwa, wa madisiki ochoka mwadzidzidzi,
ndinauyatsa.
Komabe ulendo uno ndinayamba ndatsanzika.
Ndinauza makina: wa m'kabowo ka seveni akunyamuka,
malizani zimene mukumulembera,
musamutumenso.
Ndinadikira. Kanyali kobiriwira kanasiya kuphethira,
kabuluu kanayaka.
Ndinasolola pang'onopang'ono ngati minga m'phazi la mwana.

Mafani sanasinthe nyimbo.

Ndinabwezera, ndinazulanso, tsopano mwachipongwe,
osagogoda, osapepesa, kuti ndione.
Kaundula analemba mzere umodzi wokha:
wachoka.
Ntchito n'kupitirira.
Sindikudziwa chifukwa chake mzere umenewo unandiwawa
kuposa kukomoka kuja.

Pachitseko cha shelefu ndamata kapepala
ka Tuukka, wobwera shifiti yam'mawa:
zatheka, koma uziyamba wawauza.
Maseva ena khumi ndi anayi akadali ndi nambala yakale,
usawakhudze ndisanabwere.

Khofi wazizira. Dzuwa lituluka cha m'ma 10, ngati lingafune.
Ndikufukula njinga ndi manja,
disiki yosalakwa ija ili m'thumba la jekete,
yatha kale kufunda.
Ndidzera kwa bambo. Nthawi ino amakhala ali maso.